Mbande za Mlongo Wanga

Ndimalima mpunga kudambo, kufupi ndi kumene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Ndinayamba ndili mnyamata. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Kuwerenga ndimatha, kulemba ndimatha pang'ono. Zoyankhulayankhula sindikonda.

Ndili ndi mlongo mmodzi, wamkulu kwa ine. Amuna awo anamwalira, ndipo ana awo ali kutali kukafuna ntchito. Ndime yawo ili kutsidya kwa kakhwawa, kumtunda pang'ono kwa yanga. Chimwalirire alamu, nazale yawo ndimafesa ndine. Kwathu ndi mmene timachitira. Mlongo wako akakhala wamasiye, nazale yako imakula, umafesa ya nyumba ziwiri. Mbande zikafika powokera umazula, kumanga m'mitolo, n'kukatula kumutu kwa ndime yake. Achemwaliwo alibe munda wina. Mpunga wa pandime imeneyo ndiwo chakudya chawo, ndiwonso sopo ndi mchere wawo.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inayamba bwino. Ndinafesa mpunga wa faya pa nthawi yake. Mbande zinamera zobiriwira, kenako ngodya imodzi inayamba chikasu. Ndinati ndi njala. Kuno mpunga ukachita chikasu aliyense amati ukufuna feteleza. Ndinawaza yuleya. Mbande zinatalika, koma ngodya ija sinasinthe. Popeza zinatalika, ndinachita zimene tonse timachita: ndinatenga chikwakwa n'kumweta nsonga za masamba, nazale yonse, kuti mbande zisamagwe pokaziwokera. Ndinayambira kungodya yachikasu ija chifukwa ndi imene ili kufupi ndi njira. Patapita masiku, chikasu chinali ponseponse, apa ndi apo.

Nthawi imeneyo mwana wanga wamkazi, wachisamba, anali atabwera kutchuthi. Anaphunzira za makompyuta, ndipo amagwira ntchito ku Lilongwe ndi anthu a zaulimi. Zimene amachita kwenikweni sindinkazidziwa. Ndinamufunsapo kamodzi, anayankha motalika, ndinasiya kumvetsera.

M'mawa wina ananditsatira kudambo atavala majombo a amayi ake. Anaima m'mphepete mwa nazale, n'kuwerama.

"Ababa, mbandezi zili bwino?"

"Njala."

"Si mwathira kale feteleza?"

"Wachepa."

Anathyola tsamba limodzi n'kuliyang'ana padzuwa. Anandionetsa. Silinali lachikasu lonse. Linali ndi timizere ndi timawanga, pena pobiriwira, pena potuwa.

"Tiyeni tifunse," iye anatero.

"Tifunse ndani?"

Anatulutsa foni.

"Foni yakoyo inalimapo mpunga?"

"Ayi. Wailesi yanunso sinaonepo mtambo, koma ikanena za mvula mumatiuza kuti tikhale chete."

Mwanayu pakamwa anatengera azakhali ake.

Kudambo netiweki kulibe. Tinayenda mpaka pachulu chachikulu cha kufupi ndi msewu, pamene anthu amaimbirapo foni. Tili m'njira anandifotokozera, ndipo ulendo uno ndinamvetsera chifukwa kunalibe kothawira.

Anati foniyo payokha sidziwa kanthu. Kutali kwina kuli kompyuta yaikulu imene anthu odziwa za mbewu anasonkhanitsamo mayina a zinthu: mbewu, matenda, tizilombo, nthaka. Koma sanangowaunjika ngati chimanga m'nkhokwe. Anawayala mwa ubale. Chinthu chilichonse chili ndi chimene chili pamwamba pake, zimene zili pansi pake, ndi zimene chimayenda nazo. Dzina lake la kayalidwe kameneka anati ndi ontoloje. Ndinalephera kulitchula, ndinalisiya.

"Zili ngati mmene mumafotokozera abale pamaliro," iye anatero. "Munthu akafunsa kuti uyu ndani, simungotchula dzina. Mumati uyu ndi wa bere la uje, amalume ake ndi awa, anakwatira kwa aja. Akamva zimenezo wadziwa kale pomukhazika."

Apo ndinamva.

"Ndiye iwe unalembamo chiyani?"

"Mayankho sindinalembe ine. Ine ndi anzanga tinapanga kapulogalamu kali m'fonimu. Ntchito yake ndi ya mthenga. Mukatchula chinthu, kamapita kukagogoda kukompyuta ija, kufunsa m'chinenero chimene makina amamvana, n'kubwera ndi zonse zimene zalembedwa za chinthucho. Tikulumikizanso mayina a Chichewa kuti mlimi azifunsa m'chinenero chake."

"Basi? Zaka zonse zija kusukulu, kupanga mthenga?"

"Mthenga wosanama ndi wosowa, ababa."

Tinakwera pachulu. Analemba kuti chikasu cha masamba a mpunga. Foni inazungulira kakanthu kake kwa nthawi. Ndinatsala pang'ono kutsika. Kenako yankho linabwera, zambiri m'Chingerezi, ndipo iye ankandimasulira.

Choyamba, inati chikasu si matenda. Ndi chizindikiro. Chili m'gulu limodzi ndi kufota ndi kupinimbira. Pansi pake inatchula zimene chimayenda nazo. China chinali kusowa kwa chakudya m'nthaka.

"Wamva? Njala," ndinatero.

"Dikirani, sinathe."

Panalinso zina. Anazitsegula chimodzichimodzi, ndipo pa chilichonse mthenga uja ankapitanso kukafunsa. Cha njala chinati chikasu chimayambira kumasamba akale a m'munsi, chimagwira munda wonse mofanana, ndipo chakudya chikafika chimachoka. Changa sichinali chotero.

Anatsegula china. Dzina lake linali lalitali, la Chingerezi, la Chichewa panalibe. Chinati masamba atsopano amachita timizere ndi timawanga, mpunga umapinimbira, ngala zimatuluka zoperewera, zambiri mphwepwa. Mwana wanga anakweza tsamba lija pafupi ndi foni.

"Funsa make wa chimenecho," ndinatero.

Anaseka pang'ono, n'kufunsa. Pamwamba pake panali matenda obwera ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, kamene amati vayirasi. Pamwamba pa amenewo, matenda a mbewu onse. Anandiuza kuti zimene zalembedwa pa make zimagwiranso ana ake onse, ngati mfunda. Ndipo pa make panalembedwa kuti mbewu ikagwidwa, mankhwala opopera saichiza.

"Chimayenda bwanji?"

Anawerenga pang'onopang'ono. Tizilombo todya masamba. Masamba odwala akakhulana ndi abwino. Ziweto zodutsa m'munda. Manja a anthu. Zida zodulira. Mbande zochokera ku nazale yodwala.

Atafika pa zida zodulira anaima, n'kundiyang'ana. Anali ataona nsonga zomwetedwa zija. Ine ndinayang'ana kumsewu. Panadutsa lole ya nzimbe yopita ku Dwangwa, ndinaitsatira ndi maso mpaka inazimiririka.

"Ababa, iyi siinaone nazale yanu," iye anatero. "Yangotiuza kuti chinthuchi n'chiyani ndipo abale ake ndi ati. Ngati ndi chimenechi kapena ayi, aone alangizi a zaulimi."

Anawaimbira pomwepo. Iwo anati ali ku Mwadzama, abwera akapeza mpata.

Koma mpata ine ndinalibe. Achemwali anali atakonza kale ndime yawo, matope ali tayale. Anali ataphika thobwa, ataitana amayi anzawo a dima, othandizana ntchito, kuti mawa lake adzawokere. Kunkangodikirika mbande zanga.

Madzulo asanafike ndinapita kwawo. Ndinawapeza akutsuka ndowa.

"Achemwali, mawa musaitane anthu."

"Ndaitana kale. Kwagwanji?"

"Mbande zadwala."

"Zachikasu zija? Ndinaziona. Ndi njala imeneyo, achimwene. Kwanga nthaka ndi yamphamvu, zikafika zidzuka."

"Sizidzuka. Ndi matenda."

"Wanena ndani?"

Mwana wanga anali kumbuyo kwanga, ndiye anayankha.

"Tinafunsa pafoni, azakhali."

Achemwali anaika ndowa pansi. Anamuyang'ana mwanayo kuyambira kumajombo mpaka kumutu.

"Iwe, ndinakusambitsa ndine uli kakhanda. Lero wabwera ndi galasi lako kudzandiuza za mpunga?"

"Azakhali, si ine..."

"Khala chete, ndikuyankhula ndi abambo ako." Anatembenukira kwa ine. "Achimwene, ngati mbande zachepa, nenani kuti zachepa. Ngati akazi anu atopa ndi kudyetsa wamasiye, nenani. Musabisale kumbuyo kwa foni."

Mawu amenewo anandipweteka. Akazi anga sananenepo kanthu chiyambire.

"Sindikupatsani," ndinatero. "Zikalowa m'ndime mwanu, simukolola."

"Ndipo zikapanda kulowa, ndikolola chiyani? Matope?"

Funso limenelo linali loona. Ndinanyamuka.

M'mawa mwake ndinalawirira kunazale. Ndinkawadziwa mlongo wanga. Dzuwa litangotuluka ndinawaona akubwera ndi amayi awiri, atanyamula luzi lomangira mitolo. Ndinaima pakanjira kolowera. Kanjirako n'kopapatiza, mbali zonse madzi.

"Patukani."

"Ayi."

"Mbewu imeneyi theka lake ndi langa. Ndinakupatsani ndine chaka chatha."

"Ndikudziwa."

"Ndiye patukani ndizule zanga."

Sindinapatuke. Amayi awiri aja anayamba kuyang'ana kumbali. Mmodzi anati, "Tiyeni, anzathu, za pachibale izi." Achemwali anaponya luzi pamapazi anga.

"Amayi akanakhala moyo simukanachita zimenezi."

Anabwerera. Thobwa lija ndinamva kuti anagawira ana a m'mudzi.

Tsiku limenelo ndinazula nazale yonse ndekha. Mwana wanga anafuna kuthandiza, ndinamukaniza. Ndinakumba dzenje pamtunda, kutali ndi madzi, ndinaponyamo zonse n'kukwirira. Mbande za nyumba ziwiri. Zina zinkaoneka zobiriwira bwinobwino, ndipo dzanja linkakana kuziponya. Koma chikwakwa chinali chitadutsa pa zonse. Anthu odutsa ankaima n'kumandiyang'ana. Wina anafunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Ndinati ukuyenda.

Alangizi anafika nditakwirira kale. Ndinali nditasunga mbande zingapo m'pepala la pulasitiki. Anaziyang'ana, anafunsa mmene zinayambira, anati zikufanana kwambiri ndi matenda aja, ngakhale kutsimikiza kwenikweni n'kwa ku labu. Anati ndachita bwino kukwirira. Ndinawapempha kuti akawauze achemwali. Anapita. Achemwali anawapatsa mpando, anawamvetsera mpaka kumapeto, kenako anawafunsa ngati m'chikwama mwawo abweretsa mbande. Mbande analibe, alangizi anabwerako.

Ndinayenda kufunafuna. Ndinafika mpaka ku Kanyenda panjinga. Anthu anali atawokera kale, zotsala zinali zokalamba, ndipo pena ndinaona timawanga tomwe tija. Tsopano maso anga anali atadziwa. Ndinabwerako chimanjamanja.

M'nyumba munali mbewu yotsala m'kathumba, imene ndimasiya chaka chilichonse kuopa madzi osefukira. Inali yochepa. Kufesanso nazale kunali kochedwa, faya sadikira munthu. Njira inali imodzi, kudzala mbewuyo mwachindunji m'ndime. Koma kudzala kotero kumadya mbewu yambiri. Inali yokwana ndime imodzi yokha.

Ndipo panali china chimene chinkandivuta. Mbewu ya m'kathumbayo inali imodzimodzi ndi imene ndinafesa panazale. Ngati matendawo anachokera m'mbewu, ndiye kuti ndikawathira ndekha m'ndime ya achemwali.

Ndinamuitana mwana wanga.

"Tiye kuchulu."

"Mwayamba kuikhulupirira foni?"

"Tiye."

Tinakwera. Anafunsa. Kakanthu kaja kanazungulira, kanazungulira, kenako foni inalemba mawu ofiira. Anati kompyuta yakutali ija sikuyankha.

"Yagona?"

"Mwina akuikonza. Mwina magetsi. Mthenga wafika, koma pakhomo n'potseka."

"Ndiye kagogode kwina."

"Kwina kuli nkhani zambiri, ababa, koma aliyense amalemba zake. Ndikufuna pamene chinthu chili pamalo pake."

Tinatsika. Masana tinakweranso, chimodzimodzi. Ine mtima unali m'mwamba chifukwa matope a m'ndime anali kuyamba kuuma pamwamba. Ndinamukalipira mwanayo, ndinati zinthu zawo n'zachibwana, zimathawa pamene munthu wazifuna. Sanandibwezere. Anangoti, "Nanenso zikundiwawa." Ndinaona kuti maso ake afiira. Ndinazindikira kuti kwa iye sinali nkhani ya mpunga wokha. Azakhali ake anali asakumuyankha moni.

Mawa lake m'mawa inayankha. Anatsegulanso dzina lalitali lija n'kupita pamene palembedwa njira zimene matendawo amayendera. Anawerenga zonse kachiwiri. Mbewu panalibe. Anafunsanso mwa njira ina, kuyambira kugulu la matenda oyenda m'mbewu, kuti aone ana ake onse. Anatuluka ambiri, ena ndinawazindikira atawafotokoza. Lathu lija silinali m'gulu limenelo. Pansi pa dzina lake panalinso mawu akuti ofufuza sanapeze kuti limapatsira mbande kudzera m'mbewu.

"Ndiye ndidzale?"

"Zimenezo siinanene. Siimauza munthu chochita. Yanena kuti mbewu si njira yake."

Anawaimbiranso alangizi, iwonso anati ndi mmene akudziwira.

Ndinakatenga kathumba kaja. Akazi anga anandiona ndikutuluka nako.

"Kwathu kapena kwa alamu?"

"Kwa achemwali."

"Chabwino. Ife tili ndi chinangwa." Anapitiriza kusesa.

Ndinatsuka khasu ndi sopo. Ndinasamba m'manja ndi m'miyendo. Majombo amene ndinaponda nawo panazale ndinawasiya. Chikwakwa ndinachiwaula pamoto n'kuchipachika. Ndinapita kundime ya achemwali osawauza. Ndinatsegula mzere kuti madzi otsala kumunsi kwa ndime achoke, ndinakoka chingwe, ndinayamba kubaya timaenje ndi ndodo. Mwana wanga ankabwera pambuyo ndi mbale, akuponya mbewu. Sanazolowere, msana unamupweteka msanga, koma sanasiye.

Dzuwa litakwera achemwali anafika. Anaima pamalire, manja m'chiuno.

"Wakulolani ndani?"

Ndinapitiriza kubaya.

"Mpunga wodzala chonchi udzu umaumeza. Adzapalira ndani?"

"Ine."

"Nanga ndime yanu?"

"Ipume."

Anayang'ana mwana wanga.

"Iwe, ukuponya zambiri. Ukuganiza kuti ndi chimanga cha nkhuku? Bwera nayo kuno mbaleyo."

Anakwinya chitenje n'kulowa m'matope. Anamulanda mbale, n'kumuonetsa kutapa ndi zala zitatu. Tinamaliza ndime tsiku limenelo.

Tchuthi chinatha, mwana wanga anabwerera ku Lilongwe. Asanapite anandifunsa kuti matenda amenewa kuno timawatcha chiyani, kuti akalumikize dzinalo. Ndinati alibe dzina, tonse timati njala. Anati ndiye akalemba kuti munthu akafunsa za njala ya mpunga, mthenga azibwera ndi zonse ziwiri, munthuyo aziyang'ane tsamba lake. Ndinati achite zimenezo.

Zimene ananena achemwali za udzu zinali zoona. Unamera limodzi ndi mpunga, ndipo ndinapalira mpaka zala zinasupuka. M'mawa uliwonse ndinkayenda m'malire ndikuyang'ana masamba atsopano. Ndikaona phando lokayikitsa ndinkalizula n'kukalikwirira kumtunda. Ndinazula angapo. Mwina ena anali abwino. Ng'ombe za anthu ndinkazithamangitsa zisanafike pakhwawa, mpaka ndinayambana ndi mwini wake wina.

Achemwali ankabwera kudzapalira nawo. Tinkagwira ntchito wina uku wina uko. Anthu m'mudzi anali atagawikana, ena ankati ndinachita nkhanza, ena ankati ndinachita nzeru. Kumunsi kwa dambo, ndime zina zinachita chikasu chaka chimenecho, ndipo eni ake anathira feteleza mmene tinazolowera. Amene anandifunsa ndinawauza zimene ndinamva pachulu. Amene sanafunse ndinawasiya.

Ndime yanga inamera udzu mpaka m'chiuno. Kumtunda kwake ndinabzalako mbatata. Ndikadutsapo ndinkafulumira.

Mpunga wa achemwali unabereka mochedwa. Mapesi anali aafupi chifukwa nyengo inali itapita, ngala zinali zazing'ono. Koma ndikafinya njere ndi chikhadabo inali yodzaza. Tinamweta, tinapuntha pa lona, tinapeta. Sunafike wa zaka zina. Achemwali anayang'ana mulu, anauzungulira, anapisamo dzanja mpaka m'chigongono.

"Mpungawu undifikitsa ku mvula," anatero.

Anatapa wina n'kuthira m'kathumba kaja, anamanga pakamwa, anakaika pambali.

"Iyi ndi mbewu. Musaidye, ngakhale mulibe wanu." Anatapanso wina m'lichero lalikulu. "Uwu mukawapatse alamu. Wina mumutumizire mwana uja pa basi. Mumuuze kuti akabwera adzandione, ndili naye mawu."

"Mawu abwino?"

"Zimenezo si zanu. Nyamulani kathumbako ndi licherolo, mvula ya mwera ikubwera."

Ndinanyamula.